MWANA WANZERU AMENE AKULEPHERA KUWERENGA: TIMUZINDIKIRE MSANGA

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anayankhula pa msonkhano wa bungwe lathu la ophunzira akale umene unachitikira ku Mchengautuwa mu mzinda wa Mzuzu. Tawasindikiza onse popeza anzathu ambiri amene sanathe kufika anapempha kuti awawerenge.)



Poyamba ndithokoze komiti yathu chifukwa chondipatsa mpata uwu. Pamene a Mlembi anandiuza kuti ndidzayankhulepo, ndinaganiza zokamba za denga la kalasi lija likudonthali, kapena za madesiki. Koma nkhani zimenezo muli nazo kale pa mndandanda wanu. Ine ndasankha kukamba za mwana mmodzi amene ndinamulakwira, ndi cholinga chakuti aphunzitsi ndi makolo amene muli pano musadzachite zomwe ine ndinachita.

Ambiri a inu mukukumbukira chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi ku sukulu za pulayimale. Chaka chimenecho ana oposa 1 miliyoni anawonjezereka m'sukulu za m'dziko muno. Ine ndinali kuphunzitsa Sitandade 3 pa sukulu ina ya kumudzi, kutali ndi kuno, ndipo m'kaundula wanga munali ana 140. Mwa iwo munali mnyamata wina amene anali atabwereza Sitandade 2 kawiri. Masamu a pamtima ankayankha anzake asanamalize kuwerenga zala. Galimoto zake za mawaya zinali ndi chiwongolero chokhota ndiponso zitseko zotseguka. Akayamba kusimba nthano, kalasi yonse inkakhala chete. Koma ndikamuitana kuti awerenge, thukuta linali kamukamu ngakhale m'mwezi wa June.

Tsiku lina anawerenga tsamba lonse bwinobwino, ine n'kusangalala. Kenaka ndinaphimba chithunzi ndi dzanja ndi kumulozera liwu limodzi la pakati pa tsambalo. Anangoti kukamwa yasa. Apa ndinazindikira kuti tsamba lonse lija analiloweza pomvera anzake. M'malo mozizwa ndi nzeru zotere, ine ndinati wandinamiza. Ndinamukwapula, ndi kumutcha mbutuma pamaso pa anzake, ndi kumupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Teremu yachitatu isanathe, mnyamatayo analeka sukulu. M'kaundula ndinalemba kuti anali waulesi.

Patapita zaka zambiri ndinakumana naye pa depoti ya basi mu Mzuzu muno. Anali bambo wamkulu, wovala ovolosi yamafuta, wokonza maminibasi. Anandipatsa moni mwaulemu, nati, "Aphunzitsi, mwandikumbuka?" Titacheza pang'ono anatulutsa pepala m'thumba, nandipempha kuti ndimuwerengere. Inali lipoti ya kusukulu ya mwana wake wamkazi wa Sitandade 2. Pansi pake mphunzitsi anali atalemba kuti mwanayo ndi waulesi ndipo alimbikire. Bamboyo anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, mwanayu si waulesi. Ali ngati ine." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu mpaka lero, ndipo ndi amene anandichititsa kufufuza za vuto limeneli ndili wamkulu kale.

VUTOLI NDI LOTANI?

Vuto limeneli dzina lake ndi dyslexia. M'Chichewa kapena m'Chitumbuka tilibe liwu limodzi lotchulira, choncho tingoti ndi vuto lobadwa nalo limene limachititsa mwana kuvutika kwambiri pophunzira kuwerenga ndi kulemba, ngakhale kuti ali ndi nzeru ngati anzake ndipo akuphunzitsidwa monga anzakewo.

Si vuto lachilendo ayi. Dzinali analiyambitsa dokotala wa maso wa ku Stuttgart m'dziko la Germany, Rudolf Berlin. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 amene anali wochenjera, wodziwa masamu ndi masewera, koma wolephera kuwerenga ngakhale kuti aphunzitsi anayesetsa naye kwa zaka zambiri. Nditawerenga za mnyamata ameneyu ndinaona ngati akunena za wophunzira wanga uja. Madokotala oyambawo ankaganiza kuti vutoli ndi la kaonedwe ka zilembo ndi mawu. Kuyambira mu 1925 dokotala wa ku America, Samuel Orton, anafufuza ana ambiri otere, ndipo pambuyo pake iye ndi mphunzitsi wina, Anna Gillingham, anakonza njira yowaphunzitsira imene ikugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri.

Lero akatswiri akugwirizana kuti kwa ana ambiri otere maso ali bwinobwino. Chovuta chili pa m'mene ubongo umagwirira ntchito yolekanitsa maliwu a m'mawu. Ndipereke chitsanzo. Ife tikamva liwu lakuti "nyumba" timatha kulidula pawiri: nyu, mba. Tikhozanso kumva kuti "phala" ndi "pala" akusiyana pa kampweya kochepa chabe, monganso "khama" ndi "kama", ndiponso kuti "ng'oma" yoimba si "ngoma" ya kutchire. Kuwerenga ndiye kulumikiza maliwu ang'onoang'ono amenewa ndi zilembo za papepala, ndipo kulumikizako kuyenera kuchitika mwamsanga, mosaganizira. Kwa mwana wa dyslexia ntchito imeneyi ndi yolemera. Amayankhula bwino, amamva bwino zimene mukunena, koma kuphwanya liwu ndi kulimanganso ndi zilembo kumamutengera nthawi ndi mphamvu zambiri. Pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala watopa ndipo waiwala chiyambi chake.

Vutoli limayenda m'magazi. Ngati bambo, mayi, malume kapena mbale wina anavutika chotere, mpata woti mwana avutikenso ndi waukulu. Limagwira anyamata ndi atsikana omwe, ana a olemera ndi a osauka omwe. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti ana pakati pa 5 ndi 10 mwa ana 100 alionse ali nalo. Tsono taganizani: m'kalasi ya ana 100, ngati zomwe tili nazo m'sukulu zathu zambiri, mukhoza kukhala ana 5 kapena kuposerapo otere. Pa sukulu yonse ndi ana angati?

Ndinenenso poyera, popeza ndife anthu a pamudzi: mwana wotere sanalodzedwe. Palibe amene anamutseka mutu kapena kumubera nzeru. Ndalama zimene mungataye kwa sing'anga ndi bwino mugulire makope ndi mapensulo. Komanso palibe jakisoni kapena mapiritsi ochiza vutoli. Mankhwala ake ndi kaphunzitsidwe koyenera, koyambika msanga.

SI MWANA ALIYENSE WOLEPHERA KUWERENGA ALI NDI VUTOLI

Apa tisamale, kuopa kuti tingachoke pano n'kumatcha mwana aliyense dzina latsopanoli. Mu 2010 kunachitika kafukufuku wa kawerengedwe ka ana m'dziko muno mothandizidwa ndi bungwe la USAID, ndipo anapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kosavuta ka Chichewa. Ana onsewo sangakhale a dyslexia. Ambiri analephera chifukwa cha kuchulukana m'kalasi, kusowa kwa mabuku, kujomba ndi njala. N'chifukwa chake mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira, ija timaitcha National Reading Programme. Koma chiwerengero chimenechi chikutiuzanso chinthu china: pamene ana ambiri akulephera, mwana amene ali ndi vuto lenileni amabisika pakati pa anzake, ndipo palibe amamuona.

Choncho tisanaganize za dyslexia tiyambe tafunsa mafunso anayi. Loyamba, kodi mwanayu amamva bwino? Ana ambiri amatuluka mafinya m'khutu ndipo samva zimene mphunzitsi akunena, makamaka akakhala kumbuyo. Lachiwiri, kodi amaona bwino pa bolodi ndi m'buku? Ziwirizi akhoza kuziyeza ku chipatala, ndipo ife tili ndi mwayi kuti Chipatala Chachikulu cha Mzuzu tili nacho mu mzinda momwe muno. Lachitatu, kodi amabwera ku sukulu tsiku lililonse, atadya kanthu, kapena malungo ndi ntchito za pakhomo zimamujombetsa? Lachinayi, kodi chiyankhulo cha m'buku amachimva?

Funso lachinayili ndi lofunika kwambiri kuno kwathu. Kuyambira mu 1968 Chichewa ndicho chiyankhulo cha kuno kwathu chimene chakhala chikuphunzitsidwa m'sukulu za dziko lonse. Koma ku Mchengautuwa kuno kuli ana amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, ena Chinkhonde kapena Chilambya. Mwana amene kwawo amati "maji" akapeza "madzi" m'buku akhoza kudodoma, ndipo kudodoma kumeneko si matenda. Mwana wotere akazolowera Chichewa amawapeza anzake msanga. Wa dyslexia amavutikabe ngakhale pa mawu amene amawadziwa bwino ndi kuwatchula tsiku ndi tsiku.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana asanalowe Sitandade 1. Amayi ndi alezi a ku sukulu za mkaka ndi amene angazione poyamba. Mwana wina amachedwa kuyankhula. Wina amasokoneza maphatikizo a mawu aatali kwa nthawi yaitali kuposa anzake. Nyimbo za ana, masiku a pa sabata ndi maina a mitundu ya zinthu zimamuvuta kusunga. Mukasewera naye masewera otchula mawu oyamba mofanana, monga "mutu, mudzi, munda", iye samva kufanana kwake.

Mu Sitandade 1 ndi 2 zizindikiro zimaoneka bwino. Anzake agwira a, e, i, o, u, iye lero wadziwa, mawa waiwala. Amadziwa "ma" payekha ndi "la" payekha, koma kuziphatikiza kuti zikhale "mala" kumakanika. Maphatikizo olemera monga "nkha", "mpha", "tcha" ndi "ng'a" amamugwetsa. Amalota mawu poyang'ana chithunzi kapena chilembo choyamba. Pokopera za pa bolodi amatsalira nthawi zonse. Liwu limodzi amalilemba m'njira zitatu pa tsamba limodzi. Ikakwana nthawi yowerenga, m'mimba mumamupweteka kapena amapempha kupita kuchimbudzi.

Ena amati chizindikiro chachikulu ndi kutembenuza b ndi d. Kunena zoona, ana ambiri a zaka 6 kapena 7 amatembenuza zilembo zimenezi ndipo amasiya okha. Tidandaule ngati zikupitirira mwana atakula, ndiponso ngati zikubwera pamodzi ndi zizindikiro zina zija.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi anzanga muyenera kuchidziwa. Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga chimatchulidwira, choncho mwana wa dyslexia wolimbikira akhoza kufika pomawerenga Chichewa mosalakwitsa kwambiri, koma mochedwa zedi, ngati ngolo yokwera chitunda. Mphunzitsi amaganiza kuti zili bwino. Chingerezi ndiye chimamuulula, chifukwa malembedwe ake satsata lamulo limodzi. Taonani mawu awa: though, through, tough. Onse akutha ndi zilembo zinayi zofanana koma katchulidwe kake n'kosiyana. Tsono akafika m'makalasi a pamwamba, m'mene maphunziro onse ali m'Chingerezi, mwana uja amagwa pa phunziro lililonse, ngakhale masamu amene amawadziwa, popeza funso lenilenilo sangathe kuliwerenga. Ambiri amalekera pamenepo osafika pa mayeso a Sitandade 8.

TINGAMUTHANDIZE BWANJI?

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kafukufuku akuonetsa kuti chithandizo choyambika mu Sitandade 1 kapena 2 chimapindula kwambiri kuposa chodikira mpaka Sitandade 5, pamene mwana watsalira kutali ndipo wakhulupirira kale kuti iye ndi mbuli. Kubwereza kalasi pakokha sikuthandiza ngati kaphunzitsidwe kali komweko. Wophunzira wanga uja anabwereza kawiri, osapindula kanthu.

Njira yake si yodula. Mwanayo aphunzitsidwe payekha kapena m'kagulu ka ana atatu kapena anayi, kwa mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse. Pang'ono tsiku ndi tsiku mpabwino kuposa maola awiri kamodzi pa sabata. Yambani ndi makutu: kuomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake, kutchula mawu oyamba mofanana, kuchotsa phatikizo limodzi ndi kufunsa chotsala. Kenaka phunzitsani chilembo chimodzi ndi liwu lake, osapita pa china asanachigwire. Agwiritse ntchito maso, makutu, pakamwa ndi manja nthawi imodzi: alembe chilembo pamchenga ndi chala uku akuchitchula, achiumbe ndi dothi, achipange ndi waya. Lembani maphatikizo pa zitsekerero za mabotolo kuti azisuntha ndi kupanga mawu. Bwerezani za dzulo musanayambe za lero. Ife amene tinaphunzira ndi buku lija la Sosa tikudziwa kuti njira ya maphatikizo ndi yathu kale. Mwana uyu akungofuna kuti tiyende naye pang'onopang'ono, mwadongosolo, mosatopa.

Njira yomweyi ndi imenenso ingatithandize kuzindikira. Mukawaphunzitsa chotere ana onse otsalira kwa teremu imodzi, ambiri adzawapeza anzawo. Amene adzavutikebe ndiwo ofunika kuwaonetsa kwa mphunzitsi wa maphunziro apadera.

M'kalasi, aphunzitsi, mukhazikeni kutsogolo. Musamuwerengetse mokweza pamaso pa anzake musanamukonzekeretse. Mupatseni nthawi yokwanira yokopera. Nthawi zina mufunseni mafunso pakamwa kuti muone zimene akudziwa. Pochonga musadzaze kope lake ndi inki yofiira. Sankhani zolakwa ziwiri zoti akonze. Ndipo chikoti chisamukhudze. Ine ndinayesa chikoti, zotsatira zake ndakuuzani.

Makolo, ngakhale inu amene simunapite patali ndi sukulu, muli ndi gawo lalikulu. Musimbireni nthano, muimbe naye, mumufunse zimene waphunzira. Mkulu wake amuwerengere mokweza madzulo. Musamuyerekeze ndi mng'ono wake amene wamupitirira. Muyamikireni pa zimene amachita bwino, kaya ndi mpira, kujambula, kuimba kapena ntchito za manja, chifukwa mwana amene wataya mtima saphunzira. Vutoli silitheratu, koma munthu akhoza kuphunzira kuwerenga ndi kukhala nalo bwinobwino. Richard Branson, amene anayambitsa kampani ya ndege ya Virgin Atlantic, amanena yekha kuti ali nalo. Sindikulonjeza kuti mwana wanu adzagula ndege. Ndikungonena kuti adzathe kuwerenga yekha kalata ya ku chipatala ndi lipoti ya mwana wake.

Dziwaninso kuti chithandizo chimenechi ndi ufulu wa mwana. Chaka chomwe chija cha 1994, maiko 92 anakumana ku Salamanca m'dziko la Spain nagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ndi kuthandiza ana onse, kuphatikizapo amene ali ndi zovuta pa maphunziro. Kuno kwathu Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya maphunziro osasankha ya zaka za 2017 mpaka 2021. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, a ana osamva, ndiponso a ana ovutika kuphunzira. Aphunzitsi oterewa ndi ochepa, koma alipo, ndipo njira yowapezera ndi kudzera kwa a Mphunzitsi Wamkulu ndi a PEA a dera lino. Mu Mzuzu muno mulinso a St John of God amene amathandiza ana amene akuchedwa m'kakulidwe kawo, ndipo makolo amene mukuona kuti vuto la mwana wanu likuposa kuwerenga kokha mukhoza kukafunsa nzeru kumeneko.

PEMPHO LANGA KU BUNGWE LATHU

A Wapampando, ndisakhale pansi ndisanapemphe kanthu. Bungwe lathu lakhala likuthandiza ndi njerwa ndi malata, ndipo zimenezo zipitirire. Koma ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, tipemphe a Mphunzitsi Wamkulu kuti kumapeto kwa teremu yachiwiri aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 azimvetsera mwana aliyense payekha akuwerenga, ngakhale kwa mphindi ziwiri, ndi kulemba maina a amene akutsalira kwambiri. Mainawo akhale achinsinsi pakati pa sukulu ndi makolo.

Chachiwiri, pa thumba lathu tipatulepo kangachepe kolipirira ulendo wa ana amenewa ndi makolo awo kukayezetsa makutu ndi maso.

Chachitatu, ife opuma pa ntchito, ndi achinyamata amene mwamaliza Folomu 4 ndipo mukudikira zotsatira, tidzipereke masiku atatu pa sabata kukhala ndi timagulu ta ana masana akaweruka, motsogozedwa ndi aphunzitsi awo. Dzina langa mulembe loyamba.

Chachinayi, tiitane mphunzitsi wa maphunziro apadera adzakhale tsiku limodzi ndi aphunzitsi, makolo ndi ife odziperekafe, kuti zimene tikuchita zikhale zolondola. Mutu umodzi susenza denga.

Mwina mukufuna kudziwa za mtsikana uja wa lipoti. Bambo ake atandipempha, ndinayamba kukhala naye madzulo, ndi zitsekerero za mabotolo ndi mchenga wa pabwalo. Miyezi itatu yoyamba ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Lero ali mu Sitandade 5. Amawerenga mochedwa, Chingerezi chikumuvutabe, koma akuwerenga, ndipo sukulu sanaleke. Makalata a bambo ake amawerenga ndi iyeyo. Bamboyo ndinamupepesa, ndipo anandikhululukira, koma zaka zake za sukulu sindingathe kumubwezera.

Mawa lino, m'makalasi awa, muli mwana wina amene akuloweza tsamba pomvera anzake kuti asakwapulidwe. Tiyeni timupeze teremu ino isanathe.